Chimanga chikaperewera m'nkhokwe, timayamba kukayikira ndani?

Pa ntchito katundu akasowa, maso a anthu amathamangira pansi. Woyamba kukayikiridwa ndi mlonda. Akachoka pa mlonda amapita kwa anyamata onyamula matumba, kenako kwa dalaivala. Mlembi amafikiridwa mochedwa, ndipo za shefi, wamkulu wa pamalopo, palibe amene amaziganizira, ngakhale kuti makiyi onse amagona m'thumba mwake. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa ndaonapo abambo achilungamo akuyenda atawerama ndi manyazi pa mlandu wa chimanga chimene sichinabedwe ndi munthu aliyense.

Ine ndine mlembi pa depoti yogula mbewu kuno ku Ulongwe, m'boma la Angonia, m'dziko la Mozambique. Timagula chimanga, soya ndi nyemba. Ntchito imayamba kutentha cha mu Meyi, ndipo mu Juni ndi Julayi, kunja kukuzizira kolowa m'mafupa, ndiye pachimake. Alimi amabwera pa njinga, pa ngolo za ng'ombe, ena pa njinga zamoto, kuchokera ku Domwe ndi midzi ya kumalire ndi Dedza. Nkhokwe ikadzaza timakweza malole otsikira ku Tete, ulendo wa makilomita oposa 200, kudzera pa Mussacama ndi Moatize. Gulu lathu si lalikulu: bambo a sikelo, mayi osunga ndalama, dalaivala, alonda, anyamata onyamula matumba, ine, ndi shefi. Eni ake a depoti amakhala kutali, amangobwera mwa apo ndi apo. Ndagwira ntchito pansi pa mashefi awiri pamalo omwewa, ndi anthu omwewa, ndipo kusiyana kwake ndi kumene kwandichititsa kulemba.

Ndiyambe ndi chinthu chimene anthu ambiri ogwira ntchito ya mbewu amachidziwa ndi manja koma sachiwerengera pa pepala. Chimanga choti chisungike bwino chimafunika chiume mpaka chinyezi chitsike kufika pa maperesenti 13 kapena pafupi pamenepo. Koma mlimi amene ali ndi ngongole ya feteleza, kapena mwana wake wagona m'chipatala, sadikira kuti chiume. Amabwera nacho mu Meyi chidakali pa 17 kapena 18. Masamu ake ndi awa: makilo 100 a chimanga cha pa 18, chikauma kufika pa 13, amatsala makilo 94 ndi pang'ono. Makilo pafupifupi 6 apita ndi mphepo. Pa matani 30, katundu wa lole imodzi yaikulu, ndiye kuti makilo oposa 1,700 asowa, matumba a makilo 50 oposa 30, chitseko chili chokhoma, mlonda ali maso usiku wonse. Onjezerani nankafumbwe, makoswe, chimanga chotayika pansi posoka matumba, komanso kuti sikelo ya kumene tikukagulitsa siigwirizana ndendende ndi yathu. Kuperewera kumakhalapo chaka chilichonse. Funso ndi lakuti kukaoneka, wamkulu wa pamalopo amachita nako chiyani.

Shefi woyamba sanali munthu woipa mtima. Anali wolimbikira, wosamwa mowa, wofika pa ntchito tambala atangosiya kulira. Koma buku likakana kugwirizana ndi matumba, kwa iye yankho linali limodzi lokha. Ankatiitana tonse pabwalo, n'kuyamba kulankhula Chipwitikizi ndi ine ndi mayi a ndalama, ena onse ataima chilili akungotiyang'ana pakamwa. Akatha ankatembenuka n'kunena m'Chichewa mawu atatu okha: "Pano pali akuba." Mwezi ukatha, malipiro a alonda ndi a anyamata ankabwera atadulidwa.

Nkhani ya chilankhuloyi musaitenge ngati yaing'ono. Kuno ambiri mwa anthu a msinkhu wa bambo a sikelo ndi alonda athu anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni, ena ku Dedza, ena ku Ntcheu, ndipo anabwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere umene unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Amene anali ana nthawi imeneyo sukulu anaiyambira kumeneko, m'Chichewa ndi Chingerezi. Chipwitikizi amachimva cha pamsika, osati cha m'mabuku a ofesi. Ndiye akuluakulu akamakambirana za katundu wosowa m'chilankhulo chimene wokayikiridwayo sachimva bwino, iye ali pomwepo, mumtima mwake amangoti akundipangira chiwembu. Ndipo sindingamunene kuti akulakwitsa kuganiza choncho.

Choipa kwambiri chinabwera pambuyo pake. Shefi anasankha mnyamata mmodzi kuti azimuuza zonse zochitika iye akachokapo. Ankaganiza kuti n'zachinsinsi, koma pa depoti palibe chinsinsi. Tinangoona mnyamata uja akupatsidwa ntchito zopepuka, akulandira mayunitsi a foni, akuitanidwa mu ofesi chitseko n'kutsekedwa. Kuyambira pamenepo pabwalo panati zii. Anthu ankadya nsima aliyense payekha. Thumba likang'ambika, wolinyamula ankalibisa pakati pa ena m'malo monena, chifukwa wonena ndiye ankalipira. Bambo a sikelo akalakwitsa kuitana nambala, ankangokhala chete n'kumapempherera kuti zisaoneke. Mlonda wamkulu anaona kuti malata a pakona ya nkhokwe akudontha mvula yoyamba itagwa, koma sananene. Ankadziwa kuti funso loyamba lidzakhala lakuti, "Nanga inu munkafuna chiyani kumeneko usiku?" Pamene tinkadzaona, matumba a pakona yonse anali atachita chuku, chimanga chakuda, chosayenera ngakhale nkhuku. Chimene chinatayika pa kona imeneyo chinaposa zonse zimene shefi ankati zikubedwa.

Mlonda ameneyu ndi munthu wosalankhulalankhula. Tsiku lina tikuotha moto wa zitsononkho m'mawa, anandiuza kuti nthawi ya nkhondo chimene chinkathetsa mudzi msanga sizinali mfuti zokha ayi, koma kusadziwa kuti ndani akukanena ndani. Anati, "Mwana wanga, zimenezi ndinaziona kale. Munthu ukayamba kuopa mnzako wodya naye mbale imodzi, umatseka pakamwa, ngakhale nyumba ikupsa." Sanawonjezerepo kanthu, ndipo ine sindinafunse zambiri.

Shefi wachiwiri ndi mayi wa ku Tsangano, wokulira pakati pa alimi a mbatatesi ndi tirigu. Tonse timangowatchula kuti Amayi. Atafika sanaitanitse msonkhano wotiuza kuti tizikhulupirirana. Mawu amenewo sindinawamvepo pakamwa pawo mpaka lero. Anayamba ndi sikelo. Inkakhala moti nambala ankaiona ndi bambo a sikelo okha, mlimi ndi wonyamula ali kumbuyo kwake. Amayi anaitembenuza kuti nkhope yake iyang'ane pabwalo. Anabweretsa chitsulo choyesera cha makilo 20, ndipo m'mawa uliwonse, mlimi woyamba asanaike thumba, mnyamata mmodzi amachiika pasikelo anthu onse akuona. Amasinthana, lero uyu, mawa wina. Za masikelo a malonda m'dziko muno amayang'anira ndi a INNOQ, bungwe la boma loona za miyezo, koma iwo sangakhale pa depoti tsiku lililonse, pamene chitsulo chija chimakhalapo. Bambo a sikelo poyamba anakhumudwa, ankati akuyesedwa wakuba. Patapita milungu ingapo iwo omwe anayamba kukumbutsa anyamata akaiwala, chifukwa anaona kuti alimi asiya kuwatukwana.

Kenako anagula kachipangizo koyezera chinyezi, n'kundiuza kuti m'buku ndiwonjezere mzere wina pambali pa makilo. Thumba lililonse lolowa limalembedwa kulemera kwake ndi chinyezi chake. Tsiku limene kachipangizoko kanatha mabatire, anatenga botolo lagalasi louma, n'kuthiramo mchere wouma ndi chimanga chodzaza dzanja, n'kukhutchumula. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Anyamata anaseka poyamba, koma tsopano aliyense amadziwa kuchita. Kumapeto kwa mwezi woyamba katundu anaperewera monga mwa nthawi zonse. Amayi anatenga choko, n'kulemba masamu pa chitseko cha nkhokwe: tinagula zakuti pa chinyezi chakuti, lero chinyezi chili pakuti, ndiye tiyembekezere kuperewera kwakuti. Nambala ya pa chitseko ndi nambala ya matumba zinasiyana pang'ono kwambiri. Ndinayang'ana mlonda wamkulu uja. Anavula chipewa, n'kuchiyang'anitsitsa, n'kuchivalanso. Zaka zonse zija ankadulidwa malipiro chifukwa cha madzi ouma m'chimanga.

Koma chimene ndimachiona kuti chinasintha mitima kwenikweni si zipangizo ayi. N'chakuti lamulo lililonse limene Amayi anaika, anayamba kuligonjera ndi iwo eni. Pa geti pali lamulo loti aliyense potuluka aonetse chikwama. Kale lamuloli linali la anyamata okha. Tsiku loyamba Amayi anaima pa geti, n'kutsegula chikwama chawo, n'kuuza mlonda kuti, "Bambo, yambani ndi changa." Mlonda anachita manyazi, anakana. Iwo anaima pomwepo osasuntha mpaka anayang'anamo. Mpaka lero amatero, ndipo galimoto ya depoti ikamatuluka iwo ali momwemo, imatsegulidwa kumbuyo ngati ina iliyonse. Chitseko cha nkhokwe chili ndi maloko awiri tsopano, kiyi wina ali ndi Amayi, wina ali ndi mlonda. Palibe angatsegule yekha, ngakhale shefi.

Madzulo aliwonse, tisanaweruke, ndimawerenga buku mokweza m'Chichewa. Matumba olowa, matumba otuluka, ndalama zimene tinayamba nazo, zimene talipira alimi pamanja, zimene zapita pa foni kudzera pa M-Pesa ndi e-Mola, zimene zatsala. Ndipo ndimawerenganso zimene shefi wagwiritsa ntchito: mafuta a galimoto, mayunitsi, chakudya cha pa ulendo wa ku Tete. Tsiku loyamba ndinafika pa mzere umenewo n'kuima, ndikuganiza kuti mwina sayenera kumva onse. Amayi anati, "Pitirizani, achemwali, ndalama imeneyo si yanga." Zimatenga mphindi zochepa chabe, anthu atatopa, fumbi lili m'maso, koma palibe amene amachoka zisanathe.

Za miseche anazithetsa mwa njira imodzi yosavuta. Munthu akalowa mu ofesi n'kuyamba kuti, "Amayi, musanene kuti ndanena ndine, koma uje...", iwo amamudula: "Dikirani pang'ono, ndimuitane mwini wakeyo kuti amve nawo." Ambiri nkhani imathera pomwepo. Amene ali ndi nkhani yoona amakhala, mnzakeyo amabwera, amakambirana. Mnyamata uja amene anali kazitape sanachotsedwe ntchito, ndipo ndikuona kuti anachita bwino kusamuchotsa, chifukwa iye anangochita zimene wamkulu anamutuma. Anzake anatenga nthawi kuti ayambenso kudya naye. Tsopano amadya naye.

Pali anthu amene ndikawafotokozera zimenezi amati, kumeneko si kukhulupirirana, n'kulonderana chabe. Mukanakhala okhulupirirana simukanafuna maloko awiri. Ine ndimakana. Munthu amene amalandira ndalama yochepa, amene akudziwa kuti chikasowa chinthu dzina loyamba kutchulidwa ndi lake, sungamuuze kuti angokhulupirira. Akhulupirire chiyani? Loko wachiwiri uja amateteza mlonda kuposa mmene amatetezera chimanga. Buku lowerengedwa poyera limateteza ine, chifukwa palibe anganene kuti mlembi amasintha manambala usiku. Pamene zinthu zili poyera, munthu wachilungamo amakhala ndi pogwira. Pamene zili m'thumba mwa munthu mmodzi, wachilungamo ndi wakuba amaoneka ofanana, ndipo amene amapindula ndi wakubayo.

Wakuba weniweni anapezekadi, ndipo sanali mlonda. Eni depoti anatitumizira mphwawo kuti azikagula mbewu m'midzi, atanyamula ndalama za kampani. Madzulo ena ndikuwerenga buku, ndinatchula matumba amene iye analemba kuti wagula kudera la Domwe. Dalaivala anakweza dzanja. Anati, "Pepani Amayi, ine ndinakweza ochepera pamenepo. Ndinawerenga ndekha." Pabwalo panangoti duu. Aliyense ankadziwa kuti mnyamatayo ndi ndani, ndipo akulu anati khoswe wa pamkhate sapheka. M'masiku a shefi woyamba dalaivala sakanayerekeza n'komwe kutsegula pakamwa, komanso sakanadziwa zimene zalembedwa m'buku. Amayi sanakalipe. Anatenga malisiti, anaitana mnyamatayo, anawerengera limodzi ndi dalaivala, ndipo kusiyana kunaoneka. Usiku womwewo anaimbira eni depoti, ife tikumva, n'kuwauza kuti mphwawo sangagwirenso ndalama pa depoti imene iwo akuyang'anira. Tinkaopa kuti amene achotsedwe ntchito ndi Amayiwo. Sizinatero. Mnyamatayo anabweza ndalama pang'onopang'ono ndipo anasamutsidwa. Ndikhulupirira kuti akanangomusiya, chitsulo cha makilo 20 chija, choko, maloko awiri, zonse zikanasanduka masewera, chifukwa anyamata akanadziwa kuti lamulo limaluma okhawo opanda wachibale kumwamba.

Malipiro nawonso ali pakati pa nkhaniyi. Ogula athu a ku Tete nthawi zina amachedwa kulipira, ndiye ndalama ya mwezi imachedwa. Kale tinkangoona tsiku ladutsa, ukafunsa n'kuyankhidwa kuti mawa, mawa lakelo osafika. Amayi amanena kusanachitike: mwezi uno tichedwa, chifukwa chake n'chakuti, ndikuyembekeza tsiku lakuti, ndipo wanga ndilandira pomaliza. Munthu amakakambirana ndi eni nyumba nthawi idakalipo. Anachitanso chinthu china chimene sindidzaiwala. Lamulo limati ku INSS, bungwe la boma loona za penshoni ya antchito, kuzipita maperesenti 7 a malipiro, 4 ochokera kwa olemba ntchito, 3 odulidwa kwa wantchito. Ambiri timangoona 3 wathuyo akudulidwa, osadziwa ngati amafikadi. Amayi anapachika pakhoma mapepala osonyeza kuti ndalamazo zaperekedwa, n'kuuza aliyense kuti ali ndi ufulu wopita yekha ku ofesi ya INSS kukafunsa za dzina lake. Bambo a sikelo anapitadi. Atabwerako sananene kanthu, anangopita kukapereka moni wa manja awiri.

Zina zinabwera zokha. Mphika wa nsima wa masana unabwerera kukhala umodzi. Tinayambitsa chipereganyu, chimene anzathu a kumwera amati xitique, ndipo wosunga ndalama zake tinasankha mlonda wamkulu uja, anthu onse mogwirizana. Mayi a ndalama atataya mchemwali wawo ku Furancungo, anasiya bokosi m'manja mwa bambo a sikelo n'kupita ku maliro mtima uli m'malo, ndipo ena a ife tinawatsatira ndi chipepeso. Chimene ndimachikonda koposa n'chakuti nkhani zoipa tsopano zimafika msanga. Mnyamata amabwera yekha kudzanena kuti wang'amba thumba. Mlonda akamva fungo la chinyontho pakona amagogoda pa ofesi m'mawa womwewo. Bambo a sikelo amatha kuima pakati pa mzere wa alimi n'kunena kuti, "Achemwali, bwererani pa thumba lachitatu lija, ndinaitana molakwa." Palibe amadulidwa malipiro chifukwa chonena. Amene amafunsidwa mafunso ndi wobisa.

Sikuti zonse zili bwino. Pali gulu limodzi limene likadali kunja kwa zonsezi, ndipo limandisowetsa mtendere: aganyu. Mu Juni ndi Julayi timatenga anyamata ambiri a masiku ochepa, olipidwa potengera matumba amene anyamula. Alibe kontrakiti, ku INSS kulibe maina awo, ndipo kuwerenga kwa madzulo kumachitika iwo atapita kale. Matumba awo amawerenga ndi kapitawo wawo, pa kapepala kake, ndipo kawiri konse chaka chino ndamva mnyamata akudandaula kuti wanyamula ambiri kuposa amene walipidwa. Ndani angamuikire umboni? Katundu akasowa nyengo imeneyo, ngakhale anzanga amene dzulo lomweli ankakayikiridwa okha amayamba kunena kuti ndi aganyuwa. Ndinawauza Amayi kuti zimenezi sizikundisangalatsa. Tagwirizana kuti nyengo ikubwerayi tipachike bolodi pafupi ndi sikelo, dzina la waganyu aliyense lilembedwe, ndipo akatsitsa thumba azidula yekha kamzere ndi choko pamaso pa anzake, malipiro aziwerengedwa kuchokera pa bolodipo dzuwa lisanalowe. Za makontrakiti a nyengo talembera eni depoti, ndipo tikudikira yankho lawo.